Msoti Pansi pa Dengu

Msoti wanga unatuluka m'khola pomalizira, nkhuku zonse zitabalalika kale. Unayenda pang'ono n'kuima, n'kuyamba kupukusa mutu ngati ukuingitsa ntchentche. Kenaka unatambasula khosi, unayasamula, n'kulipotolera kumbali. Ine ndinali pakhonde pomwe ankandikhazika m'mawa uliwonse, mwendo wa chikhakha uli tantha pamphasa. Ndinaponya mpunga wosweka. Msoti unathamangira, unajompha njere imodzi, njereyo n'kugwa. Unajomphanso, n'kugwanso.

"Taonani kameta wanga," ndinauza Getrude, mkazi wa mwana wanga, amene ankamanga chitenje kuti azipita kumjigo. "Akupotoza khosi ngati wa chitopa."

Ndinangolankhula, monga munthu amanenera kuti mwana wadya ngati fisi. Koma unali mwezi wa Okutobala, ndipo kuno kuchigwa dzina la nthenda imeneyo salitchula chisawawa mu Okutobala. Getrude anayang'ana msoti, anayang'ana ine, anatenga ndowa yake n'kumapita.

Ndinathyoka mwendo kumayambiriro kwa Seputembala, nditaterereka pamwala kumtsinje kwathu, kumtunda kwa Mua. Ana anga aakazi anali awiri. Wina anamwalira, wina ali ku Joni. Amene anatsala pafupi ndi Lackson, ndipo Lackson ndi mkamwini. Anakwatira pamudzi wina kufupi ndi Golomoti, amalima mpunga kusikimu ya mthirira ya Bwanje. Nditatuluka m'chipatala panalibe wonditungira madzi kwathu, ndiye ananditengera kwa mkazi wake. Mkamwini amadziwa yekha kuti ndi mlendo. Tsono mayi wake ndi chiyani? Ndi mlendo wa mlendo. Nyumba si yanga, bwalo si langa, ngakhale mphasa imene ndinkakhalapo inali ya asewere anga, a Fainess, mayi ake a Getrude, amene nyumba yawo ili kuseri kwa mitengo ya mango.

Changa pamudzi ponsepo chinali msotiwo. Kwathu ndinasiya nkhuku zisanu ndi zinayi. Lackson atapita kukakhoma nyumba anapeza imodzi yokha, zinazo afisi a miyendo iwiri anali atathana nazo. Anaibweretsa m'katoni panjinga. Ndi ya mtundu wa kameta, wa khosi lopanda nthenga, lofiira ngati lapsa ndi madzi otentha. Anthu a pamudzipo ankaiseka, amati nkhuku yanga inameta maliro. Ine ndinalibe nazo ntchito. Kameta amapirira kutentha ndipo amafungatira bwino. Lipombo linali litayamba kufiira, kutanthauza kuti mazira ali pafupi. Ndinkati chikhakha chikachoka ndibwerera kwathu ndi msoti wanga. Uikira khumi ndi awiri, uswa asanu ndi atatu, ndipo pofika masika ndidzakhala ndi khola ngati munthu.

Ndodo za kuchipatala ndinali nazo, koma Lackson anazisanjika pamtanda wa denga kuyambira tsiku limene ndinayesa kupita ndekha kubafa n'kugwa. Anati adokotala ananena kuti ndisaponde, ndipo iye safuna kuti anthu azinena kuti anathyola mayi ake kachiwiri. Choncho ndinkakhala. Ntchito imene ndinkaitha ndili chikhalire inali kupota zingwe. Ndinkamasula matumba akale a mpunga, n'kumapota mikwamba yake pantchafu yabwinoyo kuti azimangira mbuzi. Ulusi wobiriwira umene amasokera kukamwa kwa thumba ndi woterera, supoteka, ndiye ndinkangousolola n'kuutaya pansi pa khonde.

Getrude anabwera kuchokera kumjigo ndi ndowa yosadzaza, mayi ake ali pambuyo. A Fainess sanakhale pansi. Anandipatsa moni ali chiimire, zomwe sanachitepo, maso ali pamsoti umene unali utaima pafupi ndi nkhokwe ukuyasamulabe.

"Asewere, tamva kuti mwaona chitopa."

"Sindinati ndi chitopa. Ndinati ngati."

"Ngati ameneyo ndi amene anatisesera khola chaka chatha."

Sankanama. Chaka chathacho anataya nkhuku makumi awiri m'masiku anayi, ndipo zina anakazitaya kudzenje chifukwa sizikanadyeka. Anayambiranso ndi thadzi mmodzi wopempha, ndipo tsopano anali ndi khumi ndi imodzi. Ndinawauza kuti msoti wanga unalandira katemera wa m'maso mu Julayi, ndinaugwira ndi manja angawa pamene ankaudonthezera. Anati katemera amatha mphamvu. Ndinawauza kuti nkhuku ya chitopa imavala jekete, mapiko amagwa, imasinza, ndipo sithamangira chakudya, pamene wangawu wathamangira mpunga ndikuona. Anati jekete imavala tsiku lachiwiri. Ndinapempha kuti andigwirire ndiuone bwino. Anati amene augwire atenga nthenda m'manja n'kupita nayo kukhola lawo.

Anatuma Getrude kukatenga dengu lalikulu lotutira mpunga. Getrude ananyang'ama n'kuvindikira msoti pomwe unaimapo, n'kutsindira njerwa pamwamba. Kenaka a Fainess ananena chigamulo chawo mwaulemu wonse. Nkhuku ya mwini iwo sazinga, makamaka ya asewere awo. Adikira Lackson abwere kusikimu madzulo, aizinge yekha ndi kuikwirira kutali.

"Ndi nkhuku imodzi yokha, asewere. Mukachira tidzakupatsani ina."

Ndikanayankha, koma ndinkadya nsinjiro zawo ndi kumwa madzi otungidwa ndi mwana wawo. Ndinangoti ndamva.

Kuchokera pakhonde kufika pankhokwe ndi mapazi ngati makumi atatu. Ndinawawerenga kangapo m'mawa umenewo poti panalibe china chochita. Lackson anali atachoka mbandakucha kukalambula ngalande, ndipo foni yake imakhala m'thumba la malaya amene amakoleka pamtengo. Getrude anandiikira madzi m'kapu n'kunena kuti akupita kukathandiza mayi ake. Sindinafunse kuti ntchito yanji. Posakhalitsa ndinaimva. Nkhuku imodzi inalira kuseri kwa mango n'kudukiza. Patapita kanthawi inalira ina. Mphepo inabweretsa fungo la nthenga zonyowa ndi madzi otentha.

Umu ndi mmene timachitira tonse, inenso ndinachitapo. Ukamva kuti chitopa chalowa m'mudzi sudikira kuti chikupeze. Umazinga zonenepa n'kuwamba nyama, kapena umathamangira nazo kumsika, chifukwa nkhuku yofa yokha ilibe mwini. Dzuwa lisanakwere kwambiri a Amosi, a nyumba yoyandikana, anadutsa panjinga nkhuku zili lende pachiwongolero mbali zonse ziwiri, akuloza ku Golomoti. Anandipatsa moni osatsika, maso ali kudengu.

Ndinayesa kupota chingwe koma manja ankangosokoneza. M'chikhakha munkayabwa, thukuta likutsikira momwemo, ndipo kamtengo kamene ndinkakandira kanali katathyoka. Ndinakhala n'kumaganiza zimene ndinaona. Ndaweta nkhuku zaka zoposa makumi anayi. Chitopa sichigwira nkhuku imodzi n'kusiya zogona nayo khola limodzi zikupalasa. Msoti dzulo lake madzulo unadya bwino pansi pa khonde pompano. Lero unali ndi njala, koma njere inkakana kulowa. Nkhuku yofuna kudya koma yolephera kumeza, vuto lake lili pakati pa mlomo ndi chithokomiro, thumba lija la pakhosi mofikira chakudya. Zimenezi sufunika sukulu kuti uzidziwe. Umangofunika nkhukuyo ili m'manja.

Mthunzi wa nkhokwe unayamba kuchoka padengu. Pofika masana dengulo linali padzuwa lenileni, lopanda ndi madzi omwe mkati. Ndinaitana Getrude kawiri. Mawu anga anathera m'mango. Ndinaona kuti Lackson adzapeza ntchito itatha kale, dzuwa litamuzingira.

Ndinamwa theka la madzi, theka linalo ndinasiya m'kapu. Ndinamangirira kapuyo pansonga ya chitenje mwanzeru zanga, ngakhale ambiri anatayika. Ndinatsitsa mwendo wabwino pakhonde, kenaka ndinanyamula wa chikhakha ndi manja awiri n'kuutsitsa ngati mtolo wa nkhuni. Ndiye ndinatembenuka n'kuyamba kudzikhwekhwereza chafutambuyo, manja kumbuyo, matako pansi, mwendo ukutsatira.

Mchenga wa kuchigwa masana a Okutobala umapsereza. Zikhatho zinayamba kuwawa ndisanafike ndi pakati pomwe. Ndinavula duku n'kukulunga dzanja limodzi, linalo ndinkasinthanitsa. Chitenje chinkamasuka, ndinkaima n'kumanga. Ine mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri, mutu uli pamtunda, ndikukwawa pabwalo la apongozi ngati mwana wophunzira kusuntha. Akanadutsa amalume a Getrude nthawi imeneyo sindikudziwa kuti ndani akanathawa mnzake. Chidendene cha chikhakha chinkalemba mzere pamchenga, ndipo mwala uliwonse umene chinkagunda ndinkaumva m'fupa.

Nditafika ndinagubuduza njerwa n'kupisa dzanja pansi pa dengu. Msoti sunathawe. Unali utagona, mlomo uli yasa, ukupuma mofulumira. Ndinauika pamiyendo, ndinatsamira mwendo wa nkhokwe pomwe panali kamthunzi, n'kuunyowetsa mutu ndi khosi ndi timadzi totsalato.

Ndinayamba ndi pansi pomwe unagona. Zitosi zinali ziwiri, zouma bwino, zoyera pamwamba. Za chitopa zimakhala zamadzi, zobiriwira ngati ndowe za mwana wa ng'ombe. Ndinayang'ana m'maso, munali mowala, mopanda manthongo. Ndinafinya mphuno, simunatuluke kanthu. Ndinaika khutu pamsana, simunamveke kulira kwa m'chifuwa. Ndinatambasula mapiko n'kuwasiya, anabwerera okha m'malo mwake. Kuzungulira maso kunalibe utitiri, m'khwapa munalibe nsabwe. Chithokomiro chinali chopanda kanthu, phwa. Ndiye ndinatsegula mlomo.

Poyamba sindinaone chilichonse, maso angawa ndi akale. Ndinatembenuzira mutu wake kudzuwa. Lilime linali lotupa, nsonga yake itayamba kuda. Lilime la nkhuku kumbuyo kwake lili ndi timinga tiwiri toloza kummero, ngati mutu wa muvi. Kuseri kwa timinga timeneto kunali kamzere kobiriwira, kolowa m'mnofu.

Ndinaudziwa ulusiwo. Ndinali nditausolola ndekha dzulo lake.

"Amayi!"

Getrude anali ataima pakona ya khitchini ndi beseni la nyama. Analiika pansi n'kuthamanga. Anayamba kunena za mwendo, za adokotala, za Lackson, zoti anthu ati chiyani akamva kuti anandisiya ndikukwawa padzuwa. Anafuna kundinyamula. Ndinamuuza kuti zolira tizichita madzulo kukazizira, panopa abweretse lezala latsopano, mafuta ophikira pasupuni, ndi madzi. Anayang'ana msoti n'kubwerera m'mbuyo.

"Amayi anati tisaugwire."

"Apongozi, bwerani muone kaye. Mukaona chitopa m'kamwamu, mpeni ndikupatsani ndine."

Anagwada monyinyirika n'kusuzumira. Kenaka anadzuka n'kupita kukatenga zimene ndinanena.

Ntchitoyo inkafuna manja anayi. Ndinakulunga msoti m'duku kuti usakupize mapiko n'kuupana pakati pa ntchafu ndi mimba. Getrude anagwira mlomo, chala chimodzi pamwamba, china pansi. Manja ake ankanunkha nthenga ndipo ankanjenjemera. Ndinamuuza kuti ngati wazinga nkhuku m'mawa wonse osanjenjemera, asayambe pano. Ndinamasula phini pabulauzi yanga n'kulowetsa mbali yake yobulungira pansi pa ulusi. Unali utazungulira kawiri ndipo unali utamanga ndithu, chifukwa nkhuku ikameza mbali imodzi, nthawi iliyonse imene ikuyesa kumeza imakoka mfundo yokha. Kawiri konse msoti unagwedeza mutu phini n'kupulumuka. Kachitatu ndinaunyamula ulusi pang'ono, malo ongokwana nsonga ya lezala. Ndinadula. Panatuluka kadontho ka magazi.

Mbali inayo inali italowa kummero. Getrude anafuna kuikoka msanga, ndinamumenya padzanja. Ulusi woterowo ukaukoka mwamphamvu umacheka zam'kati. Ndinadontheza mafuta pang'ono pambali pa mlomo, ndinasisita khosi kuchokera pamwamba kutsika, n'kudikira. Kenaka ndinayamba kukoka pang'onopang'ono, ndikamva kulimba n'kusiya. Unkabwera. Unatuluka wonse, wotalika kuchokera kunsonga ya chala mpaka pachigongono, wonyowa, kumapeto kwake kuli kamfundo ka mankhusu a mpunga.

Msoti unatseka mlomo koyamba tsiku limenelo. Ndinauviika mlomo m'madzi. Unakweza mutu n'kumeza.

Getrude anatola ulusi uja n'kuuyang'ana, kenaka anayang'ana pansi pa khonde pomwe panali wina wambiri. Anaukulunga pachala mofulumira ngati akufuna kuubisa. Koma a Fainess anali atafika kale, akufuna beseni lawo. Nthenga zinali zitawamatirira m'mikono mpaka m'zigongono. Anaona dengu lili chagada, ine ndili pansi opanda duku, mwana wawo atagwada ndi magazi a nkhuku yodwala pazala.

Ndinauza Getrude kuti awaonetse. Anamasula ulusi pachala n'kuutambasula. A Fainess anauyang'ana osaugwira. Anafunsa ngati chinali chimenecho basi. Ndinati chimenecho basi. Ndinawafunsa kuti azinga zingati.

"Zisanu ndi ziwiri," anatero. "Pamodzi ndi thadzi uja ndinayambiranso naye."

Msoti unkamwa madzi, n'kumakweza mutu.

"Ulusi umenewu wachokera kuti, asewere?"

Getrude anayamba kunena kuti mphepo imauluza zinthu zambiri masiku ano. Ndinamudula. Ndinati ulusi ndi wanga, ndinautaya ndine pansi pa khonde pomwe ndimaponyera mpunga. Ndipo liwu lija la chitopa nalonso linatuluka m'kamwa mwanga. A Fainess anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anati ulusi auona, koma nkhuku ikhoza kumeza ulusi ili ndi chitopa chomwe. Msoti usatuluke masiku asanu ndi awiri, ndipo usagone m'khola. Poti ndaugwira kale, ugone ndi ine. Ananyamula beseni lawo n'kumapita. Sindinawatsutse. Munthu amene wazinga nkhuku zisanu ndi ziwiri m'mawa umodzi sungamuuze masana omwewo kuti wazingira ulusi.

Pobwerera pakhonde Getrude anandibereka kumsana. Sitinauzepo munthu zimenezi.

Lackson anafika dzuwa litapendeka, matope ali m'miyendo. Nkhani anaimva ali m'njira. Anapita kaye kwa apongozi ake, anakakhalako nthawi, kenaka anabwera kuchipinda kwanga n'kukhala pachitseko. Sanakalipe. Anangoti ine ndidzachira n'kupita kwathu, koma iye munda umene amalima ndi wa anthu omwewa, ndipo a Amosi agulitsa nkhuku zawo pamtengo wa tomato. Anafunsa ngati sindikanatha kungokhala chete. Ndinati funso limenelo ndadzifunsa kale, abwere ndi lina. Anayang'ana zikhatho zanga zotupa, anayang'ana ndodo pamtanda, n'kuzisiya pomwepo.

Masiku asanu ndi awiriwo tinakhala awiri m'chipinda, ine pamphasa, msoti pansi pa dengu pafupi ndi mutu wanga. Pakhonde sindinkatulukanso, chifukwa aliyense wodutsa ankafuna kuona mayi wa chitopa. Chipindacho chili ndi zenera limodzi laling'ono, ndipo malata ankatentha ngati chiwaya. Tsiku loyamba ndi lachiwiri msoti sunkatha kujompha. Ndinkasungunula shuga pang'ono m'madzi owiritsa n'kumaudonthezera ndi kaudzu pambali pa mlomo, osati pakati, kuopa kuutsamwitsa. Phala la m'mawa ndinkasiyako, likazizira ndinkaumba timibulu tochepa ngati nyemba n'kumaika mkati mwa mlomo. Katatu patsiku ndinkatsuka lilime ndi madzi a mchere pang'ono pakansalu. Nsonga yakudayo ndinkaiopa. Lilime likafa, nkhuku imafa ndi njala chakudya chili pamaso pake.

Getrude ankabwera kudzasesa zitosi m'mawa, ndipo tsiku lililonse ankaziyang'ana asanazitaye. Tsiku lina ndinamumva akuuza mnzake kunja kuti n'zouma, zoyera pamwamba. Anasesanso pansi pa khonde n'kutentha ulusi wonse.

Mudzi wonse unkadya nkhuku. Kwa a Fainess kunkachokera mbale ya ndiwo tsiku lililonse, yovindikira bwino, yotumizidwa kwa asewere. Ndikavundukula ndinkapeza khosi. Tsiku loyamba khosi, lachiwiri khosi, lachitatu makosi awiri. Mlendo amapatsidwa nthutumba kapena ntchafu, zimenezo a Fainess amazidziwa kuposa ine. Ndinkadya, n'kubweza mbale ndi zikomo. Anali ndi makosi asanu ndi awiri oti athe, ndipo ndinawatha onse.

Tsiku lachitatu kutupa kunayamba kuphwa. Tsiku lachinayi kansonga kakuda kaja kanafundula ngati khungu la bala, pansi pake pali pofiira. Ndinaika madeya onyowa m'chivindikiro cha botolo. Msoti unayang'ana ndi diso limodzi, unajompha, ndipo sizinagwe. Tsiku lachisanu unayamba kukanda pansi ndi kukankha dengu, kufuna kutuluka. Ndinauuza kuti upirire, si wokha. Tsiku lomwelo Lackson ananditengera kuchipatala panjinga yakabaza. Adokotala anajambula mwendo n'kunena kuti fupa likugwirana mochedwa, chikhakha chikhale mwezi wina. Anafunsa ngati ndinapondapo. Ndinati sindinaponde, ndipo sindinaname.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chitatu anandikhazikanso pakhonde. A Fainess anabwera, ndipo ulendo uno anakhala pansi. Nkhuku zawo zinayi zotsala zinali bwinobwino, pamudzi ponse panalibe imene inadwala. Getrude anatulutsa dengu n'kulivundukula. Msoti unaima kaye, unadzikung'untha, n'kuthamangira chiwala mpaka kunkhokwe.

Tinauyang'ana tonse. A Fainess anati wachira. Ndinati wachira. Anati ndi msoti wabwino, ngakhale uli wonyansa. Kenaka anayang'ana bwalo lawo kuseri kwa mango, kumene masiku onse kunkakhala phokoso nthawi ngati imeneyo.

Ndinali nditaganiza kale masiku onse aja ndili gone. Panalibe njira ina, ndipo ndinaifunafuna. Lackson adzakhala pamudzipo mpaka kukalamba. Ndinawauza a Fainess kuti msoti uikira mwezi uno usanathe. Uikire m'khola mwawo, ufungatire momwemo, ndipo usachoke pamudzi pano mpaka zisanu ndi ziwiri zija zitabwerera, zazikulu, zopulumuka kwa mphamba. Ndi kuswa kuwiri kumeneko, mwina kutatu.

"Nanga inu mupita ndi chiyani kwanu?"

"Ndi ndodo."

Anaseka pang'ono, koyamba m'sabata yonse. Anati sanapemphe. Ndinati ndikudziwa. Anati ndiye kuti mudzi wawo udzadzaza ndi nkhuku zometa maliro, anthu azidzafunsa kuti wamwalira ndani. Anadzuka, anakung'untha chitenje, n'kunena kuti madzulo atumiza therere, poti makosi atha.

Ndinatsala ndi Getrude. Anakhala m'mphepete mwa khonde akusankha mpunga m'lichero. Ine ndinatenga thumba lakale kuti ndiyambe kumasula, ndipo ulusi wobiriwira ndinaukulunga n'kuumanga pansonga ya chitenje. Msoti unali utapeza kale njira ya kwa a Fainess. Ndinauona ukuzimirira m'mango, khosi lake lofiira lili patsogolo. Kwathu nyumba inali yokhoma, mvula inali pafupi, ndipo munda unali wosasosa. Ndinawerenga masiku a mwezi umene adokotala anawonjezera, ndinasiyira pakati.

Thadzi mmodzi wa Getrude anadutsa pafupi, anaima, n'kuyetsemula kawiri. Getrude anasiya lichero. Anandiyang'ana, pakamwa patatseguka kale.

"Apongozi," ndinatero, "ine ndakalamba ndi nkhuku, koma ndinatchula nthenda ndili pakhonde, nkhuku ili uko. Inu munaitenga n'kupita nayo kumjigo. Miyendo muli nayo iwiri yabwino. Dzukani mumugwire thadziyo. Muone zitosi, muone m'maso, mumve m'chifuwa, mutsegule mlomo wake. Wanuwo mutsegule pambuyo. Chonde, muzichita bwino kuposa ine."